WOTCHI YAFA: WAPHA NDANI?

Chichewa chathu chiri ndi chizolowezi china chimene sitichiona kaamba kokhala nacho pafupi. Chinthu chikaleka kugwira ntchito timati chafa. Wailesi imafa, batire limafa, galimoto imafera pa msewu, ngakhale wotchi imene sidapumepo mpweya chiipangireni nayonso timati yafa. Pakokha kayankhulidwe kotere kalibe choipa. Koma tikumbukire kuti ife ndife anthu amene sitivomera msanga kuti imfa imadza yokha. Pa maliro, misozi isanaume, pamakhala wina kuseri kwa nkhokwe amene wayamba kale kunong'ona funso lija lakuti, "Wapha ndani?" Tsono ine ndifuna kufunsa anzanga a m'gulu lino, ophunzira ndi aphunzitsi omwe, ngati funso limeneli liri loyenera kukhala loyamba pamene chinthu chaonongeka, kaya chinthucho ndi makina, kaya ndi mudzi, kaya ndi dziko.

Taonani mafunso awiri awa: "Chalakwika n'chiyani?" ndi "Walakwa ndani?" Onse aphuka pa tsinde limodzi, ndipo pakamwa amamveka ngati ana a bere limodzi, koma ntchito zawo n'zotalikirana. Loyambalo limafuna malo, ndipo limamtuma munthu kukatenga nyali kuti afufuze. Lachiwirilo limafuna munthu, ndipo limamtuma kukatenga chibonga. Mfundo yanga ndi yakuti funso lachiwirilo liyenera kudikira kufikira loyambalo litayankhidwa, pakuti kawirikawiri chimene chayamba kupsa sichikhala chimene chayatsa moto. Chimakhala mboni chabe. Ndikadatha kukatola zitsanzo m'mabuku a ku laibulale, koma ndasankha kanthu kakang'ono kamene ndikadziwa ndi manja anga, wotchi ya pa dashibodi ya galimoto yakale.

Kuti timvane ndiyenera kuyamba ndafotokoza kayendedwe ka wotchi zoterezi, popeza n'zosiyana ndi za masiku ano zimene zimawerenga nthawi ndi kamwala ka quartz konjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi. Wotchi za Kienzle ndi VDO zimene zinkaikidwa m'magalimoto a ku Germany cha m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa ma 1970, m'kati mwake ndi wotchi wamba ya magiya ndi sipuling'i, monga ija ya pa mkono imene agogo athu ankaipukusa m'mawa uliwonse. Kusiyana kwake n'kwakuti wopukusa si munthu koma magetsi. Sipuling'i ikamamasuka pang'onopang'ono poyendetsa mivi, tizitsulo tiwiri totchedwa mapointi timanka tiyandikana. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu timakhudzana, moto wa ku batire n'kulowa m'koyilo. Koyiloyo imasanduka maginito kwa kamphindi, n'kukankha kachitsulo kamene kamamanganso sipuling'i ija ndi kulekanitsa mapointiwo. Pamenepo pamamveka kuti thi! kamodzi, moto n'kuduka, wotchi n'kumapitiriza ulendo payokha. Zimenezi zimachitika usana ndi usiku, ngakhale kiyi ali m'thumba la mwini galimoto, chifukwa waya wa wotchi sudzera pa kiyi.

Tsoka limadza batire likafooka. Batire labwino lopumula limaonetsa mavolti 12.6. Likatsika kwambiri, mapointi amakhudzanabe pa nthawi yake, koma koyilo imasowa mphamvu zokankhira. Mapointiwo amangogwirana osalekana, ndipo moto umene udayenera kudutsa kwa kamphindi umangodutsa osaleka, koyilo n'kuyamba kutentha. Opanga wotchizi adaliona tsoka limeneli lisanafike. Adaika m'katimo kachitsulo kopyapyala kopindidwa mokakamiza, kogwidwa ndi kadontho ka mtovu wapadera wosungunuka msanga, kutentha kusanayandikire madigiri 180 pamene mtovu wamba wowotcherera mawaya umasungunukira. Koyilo ikatentha, kadontho kaja kamasungunuka, kachitsulo n'kufwamphuka ngati msampha, njira ya moto n'kuduka. Wotchi imaima, koma koyilo, mawaya ndi dashibodi yonse zimapulumuka. Mwa mau ena, m'kati mwa wotchiyo muli fyuzi yobisika imene idapangidwa dala kuti ikhale yofooka kuposa zonse.

Zimenezi ndidaziphunzira kwa amalume anga amene ndimawathandiza pa tchuthi. Iwo amakonza za magetsi a galimoto pa boma la Mangochi, ndipo galaja yawo ndi mthunzi wa mango ndi bokosi la zitsulo, kamtunda pang'ono kuchokera pa nsanja ya wotchi ija idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Zobwera pamenepo masiku onse ndi maminibasi, timagalimoto ta Sienta ndi njinga zamoto za kabaza. Koma tsiku lina kudafika Mercedes-Benz ya cha m'ma 1970. Eni ake adali bambo wina wachikulire wa cha ku Malindi, amene pa unyamata wawo ankagula chambo m'madoko a kwathu n'kumakagulitsa ku Limbe. Adafika ndi chigamulo chawo kale. "Amisiri," adatero, "batire ndachajitsa dzana, injini ikulira, nyali zikuyaka, yokhayi ndiyo yakana. Yafa basi. Ngati simungathe, tiizule tikaiponye m'Shire." Adaonjeza kuti nthawi sakuisowa ai, popeza kuitana kwa pa mzikiti kumawadzutsa m'bandakucha ndipo foni ali nayo, chimene akuchisowa ndi kugunda kuja, pakuti galimoto yopanda kugundako iri ngati mudzi wopanda tambala.

Amalume sadaigwire wotchiyo. Adandituma kuti ndipime batire, ndipo lidaonetsa kuti liri bwino. Adatsegula bokosi la mafyuzi natembenuza iliyonse m'malo mwake, pakuti timafyuzi ta magalimoto amenewa n'tosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo chinyezi cha ku nyanja chimaika dzimbiri kunsongako, kotero kuti fyuzi yooneka yamoyo ikhoza kukhala yosadutsa moto. Kenaka adagona chagada pansi pa chiongolero atagwira tesita yawo, imene iri kababu, waya ndi msomali wosongola. Adagunda waya wofiira wa kumbuyo kwa wotchi, babu lidayaka, moto ukufika. Adapima waya wa bulauni, umene pa magalimoto a ku Germany ndiwo wa ethi, wobwezera moto ku thupi la galimoto. Nawonso udali bwino. Pokhapo ndi pamene adamasula wotchiyo nailumikiza ku batire lathu la pa benchi. Idangoti zii. "Tsopano tiri ndi chilolezo choitsegula, mphwanga," adatero amalume. "Munthu sum'ng'amba pamimba usanamufunse chimene wadya."

M'katimo magiya adali oyera, koyilo idali yosapserera, koma kachitsulo kaja kadali chiriri, kadontho kake katasungunuka. Amalume adafunsa kuti, "Kodi bambo, galimotoyi idakhala masiku angati osalira?" Bambowo adati miyezi inayi, popeza mwana wawo amene ankawayendetsa adapita ku Johannesburg kukafuna ganyu, ndipo iwo maso adayamba kuchita nkhungu. "Ndiye wotchiyi siidafe, bambo," adatero amalume. "Idakomoka pokupulumutsirani galimoto." Bambowo adakondwa, koma adapempha chinthu chimene anthu ambiri anzeru akadapempha: "Mangani pamenepo ndi waya wolimba kuti pasadzadukenso." Amalume adakana. Adati batire likadzafookanso usiku, galimoto iri m'khumbi logundana ndi nyumba, chodzaduka sichidzakhala kadontho ai. Adatenthetsa mtovu wakale womwewo kuti ugwirenso, adapukuta mapointi, adadontheza mafuta pang'ono, wotchi n'kuti thi! Pomaliza adawalangiza kuti akafuna kuisiya galimoto kwa nthawi yaitali azizula waya wa ku batire.

Pali zinthu zitatu m'nkhani imeneyi zimene ndifuna tiziyang'anitsitse. Choyamba, pamene mlandu unkafika kwa amisiri, chimene chidauyambitsa chidali chitachoka kale pamalopo. Batire lidali litachajidwa, litasamba ndi kuvala bwino, ndipo likadatha kulumbira pamaso pa tesita kuti lilibe mlandu. Chachiwiri, zipsera zonse zidali pa kanthu kofooka kuposa zonse, ndipo kufooka kwakeko ndiyo idali ntchito yake. Chachitatu, kukalimbitsa kanthuko sikuzimitsa moto. Kumangousamutsira kwina kumene kulibe chouletsa. Aliyense wa ife adaonapo fyuzi ya m'nyumba kapena ya minibasi itamangidwa ndi waya, ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, ngakhale ndi msomali. Wochita zimenezo amayenda monyada tsiku limenelo chifukwa nyali zayaka. Sadziwa kuti watseka pakamwa chinthu chokhacho m'nyumbamo chimene chinkamuuza zoona.

Tsopano tichoke pa galaja tilowe m'mudzi. Mu Januwale 2016 ku Neno mphezi idapha mtsikana, ndipo anthu adagwira okalamba anayi n'kuwapha powaganizira kuti ndiwo adatumiza mpheziyo. Lamulo limene lidakhazikitsidwa mu 1911 lidaletsa kale kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lidali kutali, chisoni chidali pafupi. Ine sindifuna kutsutsana ndi aliyense pano pa nkhani yakuti ufiti ulipo kapena kulibe. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene ndifuna tione ndi chakuti chala choloza mfiti sichigwera pa munthu wa galimoto ndi mpanda wa njerwa. Chimagwera pa gogo wokhala yekha m'kanyumba kothonya, wa maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, amene ana ake adatha kapena ali kutali. Iye ndiye kadontho ka mtovu ka mudziwo. Umphawi, matenda ndi kusiyidwa zidayamba kuonekera pa iye chifukwa ndiye wofooka. Mwana akamwalira ndi kutentha thupi, wofufuza moleza mtima akadapeza udzudzu, chitsime choipa, mtunda wautali wa ku chipatala ndi njinga imene idasowa usiku umenewo. Koma zonsezi, monga batire lija, zimakhala zitachoka pamalopo m'mawa kukacha. Wotsala ndi gogoyo. Akachotsedwa, mudzi umapuma kwa kanthawi, kufikira mwana wina atatenthanso thupi.

Dziko nalo lidayendapo njira yomweyi, ndipo ife a ku Mangochi mbiri yake timaidziwa. Ufulu udabwera pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi iwiri nduna zidayamba kudandaula kwa Dr Banda za tiki imene odwala adauzidwa kuti azilipira m'zipatala za boma, za kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, za ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamula Mozambique, ndi za kugamula zonse kwa munthu mmodzi. Pa 7 Seputembala Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi adachotsedwa. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo awo, ndipo Henry Masauko Chipembere, phungu wa ku Fort Johnston, kumene ndi ku Mangochi kwa lero, adawatsatira atabwerako ku Canada. Sindikunena kuti anthu amenewa adali angelo. Chipembere mwini wake adatenga mfuti mu Febuluwale 1965, nalowa pa boma la Fort Johnston usiku asanakalephere pa doko la Liwonde. Fyuzi siipangidwa ndi golide. Chimene ndikunena n'chakuti madandaulo awo adali chizindikiro cha kutentha kwina m'kati mwa boma latsopanolo, ndipo m'malo mofufuza kumene kutenthako kunkachokera, dziko lidazula fyuzi n'kuikapo msomali: chipani chimodzi mu 1966, pulezidenti wamuyaya mu 1971. Nyali zidayakadi osathima kwa zaka pafupifupi 30, ndipo alendo ankayamikira bata lathu. Fungo la kupserera ankalimva a ku Mikuyu, kuseri kwathu konkuno, kumene Jack Mapanje, mwana wa ku Kadango m'boma la Mangochi, adakhala kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera m'khoti, ndi a ku ndende ya Zomba kumene Orton Chirwa adafera mu 1992.

Ndikudziwa kuti pofika pano ena a inu mwayamba kale kunola mikondo ya Lachinayi, ndipo ndi bwino ndikumane nayo ndisanakhale pansi. Wina adzati: "Njira yakoyi ilibe mathero. Wotchi idaima chifukwa cha kadontho, kadontho chifukwa cha batire, batire chifukwa galimoto idakhala, galimoto idakhala chifukwa mwana adapita ku Joni, mwanayo adapita chifukwa nyanja siikudyetsanso anyamata monga kale. Kodi ndiye tigamule kuti wotchi ya ku Malindi idaphedwa ndi Johannesburg? Ukatsata waya mpaka kalekale, aliyense adzapezeka wosalakwa." Mau amenewa ndi olemera. Taonani za nyanja ya Malombe. M'zaka zoyambirira za ma 1980 chambo chidalimo chambiri. Pofika kumayambiriro kwa ma 1990 chidali chitatsala pang'ono kutheratu, ndipo mu 1993 boma lidayamba kukhazikitsa makomiti a m'madoko kuti asodzi eni ake azisunga malamulo. Maukonde a maso ang'onoang'ono monga nkacha ankakokolola ana a nsomba ndi kupala udzu wa pansi pa madzi. Tsono wapha chambo ndani? Mnyamata wokoka ukonde adzaloza mwini ukonde, mwini ukonde adzaloza wogula wa ku Limbe, wogulayo adzaloza ife odya, ndipo tonse pamodzi tidzaloza njala ndi kuchepa kwa minda. Mlandu n'kusungunukira m'madzi.

Yankho langa ndi lakuti kutsata chiyambi cha chinthu ndi kupeza mwini mlandu ndi ntchito ziwiri, ndipo yachiwiriyo iri ndi malire ngakhale yoyambayo ilibe. Pa mfundo iliyonse ya wayayo tiyenera kuima ndi kufunsa zinthu ziwiri: kodi pano padali munthu amene ankadziwa chimene chidzatsatire, ndipo kodi munthuyo akadatha kuchita mwina? Batire silidziwa kanthu. Mwana wopita ku Joni sankaganiza za wotchi, ndipo palibe angamuweruze pofuna chakudya. Bambo aja akadatha kuzula waya wa batire, koma sankadziwa. Tsopano popeza auzidwa, zikadzachitikanso mlandu udzakhala wawo. Pa anthu onse a m'nkhaniyi, mmodzi yekha ndiye adali ndi zonse ziwiri, kudziwa ndi mphamvu, ndiye mmisiri. Akadamanga ndi waya kuti akondweretse mwini ndalama, galimoto n'kudzapsa, wotentha akadakhala iye, ngakhale motowo ukadayaka patapita chaka iye ali mtulo kwawo. Chimodzimodzi ku Malombe: mnyamata wolipidwa pa tsiku ndi mwini maukonde asanu amene amadziwa bwino kumene chambo chimaswera sangasenze katundu wofanana. Mwaona tsono kuti kufufuza sikusungunula mlandu. Kumauchotsa pa ofooka n'kuukweza kwa amene ankadziwa ndipo akadatha. Ndiye chifukwa chake anthu a mphamvu amakonda kwambiri funso lofulumira lija. Likafunsidwa msanga limaima pa munthu woyamba amene lakumana naye, ndipo woyambayo sakhala iwo.

Wina adzati: "Nanga wotchi siilakwa yokha? Kodi aliyense wogwa ndi fyuzi?" Iyai. Mafuta a m'wotchi amauma, timipini ta magiya timadyeka, mapointi amapserera, ndipo wotchi yotere siingayende ngakhale pa batire latsopano. Ndiponso pa galimoto pamakhala waya wosupuka amene amagunda chitsulo n'kuchita shoti, ndipo ameneyo ndi woyambitsa moto weniweni, si mboni ai. Pakati pa anthu ziri chomwecho: alipo akuba amene adabadi, alipo ofuula amene amangofuna mpando. Njira ya amalume sinena kuti wotchi ndi yosalakwa. Imangokana kuiweruza isanaikidwe pa batire labwino. Apa ndiganiza za anzathu amene amachotsedwa pa koleji pano chaka ndi chaka atalephera mayeso. Alipo amene adalephera chifukwa cha ulesi ndi mowa, ndipo tonse timawadziwa. Koma alipo amene ankachokera ku Chikanda m'mawa osalawa kanthu, n'kudzadya kamodzi madzulo, n'kumawerenga ndi nyali ya foni m'chipinda cha anthu anayi. Pa pepala la zotsatira onsewa amaoneka chimodzimodzi, monga wotchi ziwiri zoima zimafanana. Amene akufuna kudziwa kuti mutu wa mwana wina ndi wouma, ayambe wampatsa nsima ndi nyali, kenaka ampime. Akalepherabe, pamenepo tikhoza kuyankhula. Kumgamula asanapimidwe n'kuponya m'Shire wotchi yongokomoka.

Mkondo wachitatu ndiwo umandivuta kuposa inayo. Wina adzati: "Iwe ukuyankhula ngati munthu amene sadaike maliro a mwana wake. Wofedwa sangagone chagada ndi tesita. Mtima wake ufuna dzina lero lomwe, ndipo tonse tikudziwa kuti mau akuti tikufufuza ndiwo manda a milandu yambiri m'dziko muno." Izi n'zoona, ndipo sindifuna kuzipeputsa. Kufufuza kumene kulibe tsiku lothera ndi msomali wina woikidwa pa fyuzi, wongovala jekete. Amalume sadauze bambo aja kuti abwere chaka chamawa. Ntchito yonse idatha dzuwa lisanapendeke, chifukwa ankafufuza kuti apeze, osati kuti mwini galimoto atope. Koma tiyeze kulemera kwa zolakwa ziwirizi. Wochedwa kugamula akhoza kugamula mawa, ndipo tiri ndi ufulu womukakamiza kuti afulumire. Wofulumira kugamula sangadzutse okalamba a ku Neno, sangabweze zaka za munthu ku Mikuyu. Madzi akatayika saoleka. Ndiye chifukwa chake makolo athu, amene chisoni ankachidziwa kuposa ife, sankalola wofedwa kukhala woweruza. Ankamkhazika pa mphasa, akulu ena n'kumakamba mlandu pa bwalo, mbali zonse zikumveka. Adati kuona maso a nkhono n'kudekha, sadati n'kugona.

Patsala chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa ndikamaganiza za ife tiri pano. Posachedwapa ena a ife adzakhala oweruza milandu, ena aphunzitsi aakulu, ena madokotala, ena mabwanamkubwa, ena olemba nkhani. Tidzakhala amisiri aja, anthu odziwa ndiponso okhoza, ndipo anthu adzatibweretsera zinthu zawo zoima ali ndi chigamulo kale m'manja. Kalaliki adzadandaula za ndalama zosowa, ndipo bwana adzatiuza kuti vuto ndi kalalikiyo. Namwino adzanena kuti mankhwala akutuluka pa khomo la kumbuyo, ndipo tidzapemphedwa kumsamutsira ku chipatala cha kutali kuti pakhale bata. Wopemphayo sadzaoneka ngati munthu woipa. Adzafanana ndi bambo a ku Malindi aja, munthu waulemu wongofuna kuti pasadzadukenso, ndipo ndiye adzakhala atagwira malipiro athu. Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo. Tsoka lake n'lakuti kumanga wamisala n'kosavuta kuposa kukwera pa chulu kukaona ngati nkhondoyo ikubweradi.

Kotero sindikupempha kuti tileke kufunsa kuti walakwa ndani. Dziko losafunsa funso limeneli ndi munda wa akuba. Ndikupempha kuti tiliike pa malo pake, pambuyo pa linzake lija, ndipo tikalifunsa tilifunse mpaka litafika kwa amene ankadziwa ndi kukhoza, ngakhale akhale pa mpando wotani. Tsiku limene chinthu chofooka chidzaduke pamaso pathu, kaya ndi gogo wa m'mudzi, kaya ndi wophunzira wanjala, kaya ndi kalaliki wolongolola, tidzayambe tapima moto umene unkadutsa pa iye. Tikadzapeza kuti udali woposa muyeso, tisadzafune munthu wina wolimba khosi woti aupirire mwakachetechete. Tidzatsate waya.